Kukatenga Yotamu ku Mlatho

Mafoniwo agonekeni chafufumimba kaye, inu muli kumbuyoko. Amene ali ndi phwete aseke panopa, atheretu, chifukwa kutsogoloku mulibe poseka.

Pamsika wa Lizulu, pamene msewu waukulu umadutsa m'malire a Malawi ndi Mozambiki, panali mayi wina wogulitsa kabichi ndi kachewere, dzina lake Ezeliya. Mayiyu anali ndi kasekedwe koti ukakamva uli kutsidya kwa msewu, umayamba kumwetulira usanadziwe n'komwe chikusekedwacho. Ankayamba ndi kulira ngati wapsa ndi moto, kenako mpweya n'kumuthera, kenako n'kuphulika, uku akumenya ntchafu ya aliyense amene wakhala naye pafupi.

Amayi ogulitsa zamasamba pamsikapo anali ndi gulu lawo pa foni. Analitsegula kuti azidziwitsana mitengo, koma mitengoyo inkalowamo mwa apo ndi apo, ngati mlendo. Chodzaza m'gululo anali makanema oseketsa: mbuzi yolanda mkate wa mlaliki, mkwati woterereka ndi keke m'manja, gogo wovina mpaka mano oikirira kugwa. Msika ukazizira masana, amayiwo ankaunjika mitu pansi pa lona n'kuyamba kutsutsana.

"Ameneyu wachita kupanga, sanagwe zenizeni."

"Kupanga kwake kuti? Taonani mwendowo mmene wapindikira! Bwezani, bwezani pomwe akuterereka paja."

Woweruza milandu yotereyi anali Ezeliya. Kanema amene Ezeliya sanaseke ankafera pomwepo. Koma mumtima mwake munali kachisoni kamodzi, koti makanema onsewa anali ojambula ena. Ankalakalaka tsiku lina atatumiza wakewake.

Ezeliya anali ndi mchimwene wake, Yotamu, wakabaza wa njinga yopalasa. Anali munthu wamtali, wofatsa, wa mawu owerengeka. Ndi iyeyu amene analera Ezeliya makolo awo atatsikira kulichete, ndipo ngakhale mlongo wakeyo anali atakula n'kukhala ndi pakhomo pake, Yotamu ankadutsabe pabenchi lake m'mawa uliwonse kudzamufunsa ngati wadya.

Tsiku lina la msika, Ezeliya akuchokera kudimba, anakumana ndi Yotamu pamlatho wa mitengo wa pakhwawa la kumunsi kwa msika. Yotamu anali atanyamula nkhumba ya munthu pakaliyala, ndipo nkhumbayo inakhala chokweza mutu, ikuyang'ana uku ndi uku ngati bwana woyendera minda. Ezeliya anasolola foni pachitenje n'kuyamba kujambula kanema. Njinga itafika pakati pa mlatho, nkhumba inapalapata, tayala linalowa pampata wa mitengo, ndipo Yotamu anauluka n'kukagwera m'khwawa, nthiti zikufikira pamwala. Nkhumba inadula zingwe n'kuliyatsa liwiro. Yotamu anadzuka ali matope okhaokha, maso okha akuoneka, dzanja lili m'nthiti, n'kukuwa kuti, "Gwirani nkhumbayo! Ine musandiganizire!"

Kuchokera pamenepo, m'kanemamo simumvekanso china koma kuseka kwa Ezeliya. Chithunzi chimagwedezeka, chimaloza kumwamba, chimaloza pansi, iye akuseka mpaka kanema kutha.

Anatumiza kugulu ali pamlatho pomwepo, mchimwene wake akusukusula m'madzi a m'khwawa. Dzuwa lisanapendeke, msika wonse unali utaona. Anyamata otchaja mafoni anaona, ogulitsa nyama anaona, ngakhale a kutsidya kwa malire. Yotamu atamva anangopukusa mutu.

"Mlongo wanga, wandiyalutsa," anatero, koma akumwetulira.

"Achimwene, mwatchuka! Anthu amalipira kuti atchuke chonchi."

Chakudza sichiyimba ng'oma. Yotamu anayamba kutsokomola. Ankayenda chopendekera mbali imodzi, ndipo akamufunsa ankati ndi kutopa. Munthu amene dziko lonse likumuseka kuti anagwa savomera msanga kuti kugwako kunamupweteka. Mmene mkazi wake Nagama ankamukakamiza kupita kuchipatala, n'kuti magazi atatayikira kale m'kati. Anamwalira pabedi la kuchipatala, mwakachetechete, mmene ankachitira zinthu zake zonse.

Maliro anayenda mwadongosolo. Anaika, anasesa, anameta. Ezeliya anafufuta kanemayo m'foni mwake akuchokera kumanda, ndipo anapempha amayi a pagulu kuti nawonso afufute. Onse anafufuta, ena akulira. Koma madzi akatayika sawoleka. Kanemayo anali atakwera kale mabasi. Anali ku Lilongwe, anali ku Blantyre, anali kwa abale a ku Joni. Wina anamuikira nyimbo. Wina analembapo kuti bwana nkhumba wachotsa ntchito dalaivala wake. Ana a sukulu akagwa pampira ankadzuka n'kukuwa mawu aja a Yotamu, osadziwa kuti mwini mawuwo ali pansi pa dothi.

Zachilendo zinayamba pang'onopang'ono, moti poyamba palibe anazitchula.

Njinga ya Yotamu inali itatsamira pakhonde la Nagama, tayala lakutsogolo lili lopindika. Inali nyengo yotentha, nthaka itang'ambika, koma m'mawa wina Nagama anapeza matayala onse ali ndi matope aawisi. Anapukuta. Mawa lake anapezanso. Zingwe za mphira zomangira katundu, zimene anazipachika pamsomali, zinasowa, ndipo anazipeza mwana wa mnansi zitakolekedwa pamlatho paja. Nkhumba za m'makola oyandikana, zimene zimasokosa dzuwa likamalowa pofuna gaga, zinasiya kusokosa. Zinkangoima chete, mphuno zitaloza kunjira.

Ezeliya naye anali ndi zake zimene sankauza munthu. Pamsika pamadutsa anthu a kutali, ndipo tsiku silinkatha popanda wina kuseweretsa kanemayo penapake, m'minibasi yoima kapena pamzere wa tchipisi. Akangomva kulira kwa nkhumba ija, fungo la matope a m'khwawa linkamufika m'mphuno. Kenako mbali yake ya kumanzere inkazizira, ngati munthu wamtali waima pomwepo n'kumutchingira dzuwa. Kanema akatha, kuzizirako kunkachoka mofulumira, ngati munthuyo wathamangira kwina. Pathumba limene ankayalapo kabichi pankatsala timadontho ta madzi.

Tsiku lina kunabwera mayi wachikulire wochokera mbali ya Mozambiki, wosadziwika pamsikapo. Anasankha kabichi, n'kuyang'ana kumbuyo kwa Ezeliya nthawi yaitali.

"Amayi, bambo ali kumbuyo kwanuwo bwanji osawapatsa pokhala? Atopatu."

Ezeliya sanatembenuke. Mayiyo anangonyamula kabichi wake m'manja n'kumapita.

Akabaza nawo anayamba kunong'onezana. Wina anati anaona munthu wamtali akuyenda mwandawala m'mbali mwa msewu kulowera ku Dedza, dzanja lili m'nthiti. Wina anati ayi, iye anamuona tsiku lomwelo akulowera ku Ntcheu. Anakangana mpaka anazindikira kuti onse awiri akunena zoona, ndipo mkangano unathera pomwepo.

Amene anaswa mbiya anali Nagama. Ezeliya anamupeza madzulo ena atakhala pamphasa, atawonda, maso ali mbee kunjira.

"Alamu, achimwene anu sakupuma," anatero Nagama. "Dzuwa likamalowa ndimamva mapazi awo. Amafika mpaka pakhonde apa. Ndimamva akupuma movutikira, ngati akufuna kukhala pansi. Koma asanakhale amatembenuka, ngati wina wawaitana, n'kuthamanga. Akabweranso, wina wawaitananso. Munthu uja ali moyo sankadziwa kukana akaitanidwa. Nanga panopa akana bwanji?"

Ezeliya analira kulira kumene sanalire ngakhale pamaliro. Anadziwa kuti chomuitanacho ndi kanema uja, ndipo woitana woyamba anali iye.

Anapita onse awiri kwa amalume ake a Ezeliya, a Sitolo, mkulu amene anakalamba akupha mbuzi pamsika, wosakonda kuzungulira nkhani. A Sitolo anamvetsera mpaka kumapeto, akutokosa pansi ndi kamtengo.

"Cholakwa ndi chathu akuluakulu," anatero. "Tinaona kuti wafera kuchipatala, tinati basi. Koma imfa yake inamupeza pamlatho. Thupi tinaika, koma mwini wake anatsala pamwala paja, ndipo munthu wosatengedwa amatsata aliyense womutchula. Kwathu kuno wovulalira panjira timakamutenga. Ndipo womutenga ndi amene anali naye pamene ankagwa."

"Ndine, amalume."

"Ndikudziwa kuti ndiwe. Tamvera tsono. Uthyole nthambi ya mtengo wa msolo. Ukasese nayo pamene anagwera, umutchule dzina, umuuze kuti tiyeni kwathu. Ukatero usenze nthambiyo paphewa, udzere njira imene iye akanadzera popita kwawo, mpaka kumanda. Panjira osayankhula. Osacheuka. Ndipo koposa zonse, asakumve ukuseka. Wakufa akamva womutenga akuseka, amati akundinyoza, amatsika. Akatsika watsika, Ezeliya. Munthu satengedwa kawiri."

"Kuseka ndinasiya, amalume. Sindikudziwanso mmene amayambira."

A Sitolo anataya kamtengo kaja n'kudzuka.

Vuto linali njira. Kuchokera pamlatho kupita kwawo kwa Yotamu, njira imakwera mtunda, imabzola pakati pa msika, n'kudumpha msewu waukulu. Yolambalala inalipo, koma Yotamu sankadzera imeneyo. Choncho Ezeliya anapita kwa anzake a pagulu n'kuwafotokozera zonse, mutu uli pansi.

Apa ndiyenera kuwayamikira anthu a pa Lizulu, pakuti anachita zimene sindinaonepo msika ukuchita. Amayi aja anagawana mizere. Analowa m'mashopu a tchaji, anapita kwa ometa, kwa a tchipisi, kwa akabaza, mpaka kwa anyamata oitanira minibasi, amene samva za munthu. Uthenga unali umodzi: mawa m'mawa foni iliyonse ikhale yozima mpaka Ezeliya atadumpha msewu. Palibe anatsutsa. Yotamu anali atanyamulapo pafupifupi aliyense wa iwo, ena pa ulere.

Kunja kutangoyera, Ezeliya anatsikira kukhwawa yekha, wopanda nsapato, nthambi ya msolo ili m'manja. Madzi anali ataphwa, patangotsala chithaphwi chobiriwira. Mwala uja unali pomwepo. Anasesa mozungulira.

"Achimwene a Yotamu," anatero. "Ndine Ezeliya. Ndabwera kudzakutengani. Tiyeni kwathu mukapume."

Achule amene ankalira m'chithaphwimo anasiya onse nthawi imodzi.

Anaika nthambi paphewa. Pothyola inali yopepuka, yoti mwana akhoza kuseweretsa. Koma atangoponda mtunda, phewa linatsika. Kulemera kwake sikunali kwa thumba la kachewere, kumene anakuzolowera. Kunali kulemera kwa munthu wodwala amene wakutsamira kuti umuyendetse. Bulauzi yake inayamba kunyowa kuchokera paphewa kutsikira kumsana, madzi ozizira onunkha matope. Ndipo kumbuyo kwa khutu lake kunali kupuma. Kunkakoka mpweya, n'kuima pakati ngati pali chobaya, kenako n'kutulutsa pang'onopang'ono.

Ezeliya anayenda. Misozi inkatsika koma sanaipukute. Mumtima ankangoti, gwiritsitsani achimwene, tatsala pang'ono.

Atalowa mumsika anapeza zimene sanayembekezere. Anthu anali ataima m'mbali mwa njira, chete. Akabaza anatsika panjinga zawo n'kuvula zipewa. Wailesi ya m'shopu ya ometa, imene sinazimepo chiyambire, inali duu. Galu wa pa bucha anatuluka, n'kuyang'ana kumbuyo kwa Ezeliya, n'kubwerera pansi pa tebulo mchira uli pakati pa miyendo. Amayi a pagulu anamutsatira chapatali, manja ali kumbuyo. Kupuma kuja kunayamba kufatsa. Ezeliya anamva ngati kulemerako kwakhazikika bwino paphewa, ngati mwana amene wayamba kusinza kumsana.

Anafika pamsewu waukulu. Kutsidya kwake njira ya kumanda inkaoneka, ndi mitengo yake italiitali. Koma pomwe ankati adumphe panali pataima basi yaikulu ya ku Joni, ndipo mbali inayo kunkadutsa mathiraki ondondozana. Anayenera kudikira.

M'basimo munatsika bambo wina kudzawongola miyendo. Anali wovala bwino, wa nkhope yachifundo, mtundu wa anthu amene sangadutse munthu wolira osamufunsa. Sanali woipa ayi, ndipo ichi ndicho chimandiwawa ine pankhaniyi. Anaona mayi wopanda nsapato, wonyowa msana, atasenza nthambi, misozi ili chuchuchu.

"Pepani mayi, kwagwanji m'mawa uno?"

Ezeliya anayang'ana kutsogolo.

"Mwaferedwa? Kapena akuberani?"

Amayi a pagulu anayamba kumukupizira manja kuti achoke. Sakanatha kukuwa, poopa kudzidzimutsa amene anali paphewayo. Bamboyo anaganiza kuti akumuitanira malonda, ndipo anawakwezera dzanja kuti adikire.

"Mayi, dziko ndi lolemera kwa tonse. Ine ndikupita kutali, ndasiya ana akulira. Koma taonani ichi, chandisangalatsa ulendo wonse kuchokera ku Lilongwe. Akuti zinachitika chakonkuno. Mungoona pang'ono, mtima utsike."

Bamboyo anatulutsa foni m'thumba. Mayi wina anataya dengu la tomato n'kuthamanga kuti amugwire dzanja. Anachedwa.

Ezeliya anatsinzina. Analuma milomo mpaka kumva mchere wa magazi. Anamva nyimbo imene anthu anaikamo, anamva nkhumba ikulira, anamva njinga ikugunda mitengo. Anamva mawu a mchimwene wake. Kupuma kwa kumbuyo kwa khutu kunafulumira, nthambi inagwedezeka, koma kulemera kunali pomwepo. Anagwira nthambiyo ndi manja onse awiri. Sanayankhule, sanacheuke, ndipo pakamwa pake panali potseka ngati pa mtembo.

Kenako m'foni muja munatuluka kuseka kwake.

Kunayamba ndi kulira kuja ngati wapsa ndi moto, kenako mpweya kutha, kenako kuphulika. Kunamveka msika wonse, pakuti msika wonse unali chete. Kunali kuseka kwa Ezeliya weniweni, kosangalala, kochokera pansi pamimba, ndipo kunapitirira, kunapitirira, osafuna kutha.

Kupuma kuja kunaima.

Ezeliya anafuna kukuwa kuti si ine achimwene, ndi wakale uja, ine ndili pano ndikulira. Koma kuyankhula kunali koletsedwa. Anangopukusa mutu, maso ali chitsinzinire, akukanikiza nthambi paphewa ngati angamugwire nayo. Kulemera kunachoka pang'onopang'ono, mopanda mkwiyo, mmene munthu amachotsera dzanja paphewa la mnzake akaona kuti sakufunidwa.

Dalaivala analiza hutala. Bambo uja, poona kuti mayiyo sanaseke, anapepesa mwaulemu n'kukwera. Anzake a pampando anali atamva phokosolo ndipo ankamuitana kuti awatumizire kanemayo. Kondakitala anali pakhomo. Bamboyo atadutsa, kondakitalayo anapanikizikanso kukhoma ngati akupatsa njira munthu wina wamtali, kenako anayang'ana pamasitepe n'kuyamba kudandaula kuti ndani walowa ndi matope m'basi yake chilimwe chino. Chitseko chinatsekeka. Basi inanyamuka kulowera kumwera, ndipo m'mawindo munkamveka anthu akuseka.

Pamsika palibe anasuntha. Mayi wa tomato uja anakhala pansi pafumbi n'kufunda chitenje kumutu.

Ezeliya anadumpha msewu. Anayendabe osayankhula, osacheuka, nthambi ili paphewa, ngakhale ankadziwa. Bulauzi inayamba kuuma ndi dzuwa. Anayenda pang'onopang'ono kwambiri, akuima pena ndi pena, kuti mwina wina angamupeze m'njira.

Kumanda anapeza a Sitolo ndi Nagama akudikira pambali pa mtumbira. Nagama anali atabweretsa madzi m'chikho ndi malaya oyera a mwamuna wake, atawapinda bwino. A Sitolo analandira nthambi ija ndi manja awiri, atakonzekera kulemera. Manja awo anakwera m'mwamba okha. Anaiyeza kachiwiri, n'kuyang'ana mwana wa mlongo wawo, ndipo nkhope yawo inagwa. Sanaiike pamtumbira. Anaigoneka pambali, paudzu.

"Ukhoza kuyankhula tsopano," anatero motsitsa.

Nagama anayang'ana nthambi, anayang'ana a Sitolo, kenako anagwira mkono wa Ezeliya.

"Alamu, mwabwera nawo? Ali kuti?"

Ezeliya anatsegula pakamwa, milomo ili magazi. Mawu anatuluka aang'ono, ngati a mwana.

"Ndinafika nawo mpaka pamsewu, alamu. Akwera basi."